Timitambo Tiwiri Timene Tinandifunditsitsa Njerwa

Biwi, Lachinayi masana

Wokondedwa mwana wanga Tamanda,

Ndikulemba kalatayi dzuwa lili pamutu, nditakhala pa chitini cha penti kuseri kwa shedi yathu kuno ku Biwi. Magetsi azima kuyambira m'mawa, makina owotcherera angoti zii, ndipo a Matewere, mnzanga wa pantchito uja, agona pa benchi chipewa chili kumaso. Ukaona zilembo zikuluzikulu ngati za mwana wa sitandade wanu usaseke. Ndi mmene maso anga akufunira masiku ano, ndipo nkhani ya maso omwewa ndi imene yandigwiritsa cholembera.

Amayi ako sasunga chinsinsi, zimenezi unayenera kuzidziwa kalekale. Dzulo andiuza zonse. Akuti tikiti ya basi ya ku Joni uli nayo, chikwama walongedza, koma mawa m'mawa ukufuna kundiuza kuti sukupitanso kukaphunzira za nyenyezi. Akuti ungovomera ntchito yauphunzitsi imene akukuitanira ku Kawale, kuti uzikhala pafupi ndi bambo ako amene ayamba kusaona. Ine ndinawafunsa kuti, "Bambo ake atiwo? Ali ndi ena?" Anandiponyera chitenje kumaso. Ndiye poti pakamwa sindingakuthe, iwe amene watha zaka zinayi ukutsutsana ndi aphunzitsi ku koleji ku Zomba, ndati ndilembe, chifukwa pepala sungalidule mawu. Kwera basi, Tamanda. Mutu wa kalatayi ndi umenewo, zotsalazi ndikungokukumbutsa mmene bambo ako akhala akuphonyera zinthu zakumwamba, kuti uone ngati ali munthu woti n'kumutsalira.

Ukukumbukira tsiku la kadamsana, uli folomu 2? Kunali kozizira, ndipo unayenda wapansi kuchokera kusukulu mpaka kuno, yunifolomu ili fumbi lokhalokha. Unandipeza ndikuwotcherera geti ya munthu wina wa ku Area 23.

"Ababa, mundibwereke magalasi akuda owotchererera aja, awiri," unatero.

"Awiri a chiyani? Uli ndi maso anayi?"

"Aphunzitsi akuti limodzi silikwana, tiphatikize. Mwezi uphimba dzuwa lero."

Ndinakupatsa kuti uchoke, n'kukuuza kuti dzuwa ndinayamba kuliona ndili mwana ku Thyolo ndipo silinachitepo zachilendo. Ndinavala chigoba changa chotchinga kumaso n'kupitiriza ntchito. Nditachivula ndinaona kunja kwachita chikasu ngati madzulo, ndinati basi maso aja apita. Ndinaitana a Matewere kuti ndiwafunse ngati nawonso akuona mdima, koma kunalibe woyankha. Onse anali kumsewu. Amakanika, amayi ogulitsa chinangwa, kondakitala amene anasiya minibasi yodzaza anthu, onse pamzere, ndipo kutsogolo kwa mzerewo kunali iwe, ukugawa magalasi anga ngati ako. Ena anali atazungulira beseni la madzi monga timachitira kumudzi, iwe n'kumawakalipira akuluakulu kuti madzi sateteza maso. Ine mwini magalasi ndinali womaliza pamzere. Nditayang'ana, dzuwa linali litatsala kachidutswa kopindika ngati mwezi watsopano, ndipo pansi pa mtengo uja wa pakona panali timiyezi ting'onoting'ono mbwee. Geti ija pano inachita dzimbiri, mwini wake anaisintha kale, koma dzuwa lija ndikatsinzina ndimalionabe. Ndiye ndikukuuza kuti ntchito imene ili pafupi ndi mphuno yako isamakubisire chinthu chachikulu chimene chikudutsa pamutu pako. Ntchito ya ku Kawale ndi yabwino ndithu, ndipo idzakhalapobe chaka chamawa ndi chinacho.

Za njerwa ndiye sindikufunika kukukumbutsa, chifukwa Chinsapo yathu yonse imandikumbutsa ine. Koma ndilemba ndithu, uzikawerenga ukasowa choseka. Chinali chaka chotsatira, tikuumba njerwa za nyumba imene tikukhalamoyi, ndipo tinachedwa. Novembala anatipeza njerwa zili pabwalo zosaotcha, uvuni tisanamange. Aliyense amene anaumbapo njerwa amadziwa kuti mwezi umenewo khosi limauma ndi kuyang'ana kumwamba, poti mvula imodzi yokha imabweza thukuta lako lonse kukhala matope. Tsiku limenelo tinali titangodya chamadzulo, magetsi a mumzinda atazima, kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha. Nditatembenukira kum'mwera ndinaona timitambo tiwiri totuwa, kena kokulirapo, kena kakang'ono. Ndinakuwa kuti mvula iyo. Amayi ako anasiya mbale m'madzi, a Chimbalanga oyandikana nafe anabwera ndi mapepala apulasitiki ndi udzu wawo wofolerera, tinafunditsa njerwa zonse thukuta lili kamukamu. Sikunagwe ngakhale dontho. Mawa lake madzulo, timitambo tija tilipo, malo omwewo. Tinafunditsanso. Mkuja wake chimodzimodzi, koma ulendo uno a Chimbalanga anangotumiza mapepala, iwo osabwera. Amayi ako anaima atagwira m'chiuno n'kufunsa kuti, "Bambo a Tamanda, mvula yanuyi ikuchokera ku Thyolo wapansi?"

Iwe masiku onsewo unkanyamula udzu limodzi nafe, koma ndinkakuona ukuyang'anitsitsa kum'mwera. Kenako unabwera ndi buku lobwereka kwa aphunzitsi.

"Ababa, ndi mtambo wanji umene mphepo siiukankha?" unandifunsa.

"Wamakani ngati amayi ako."

"Si mitambo imeneyo. Ndi milalang'amba iwiri, magulu a nyenyezi zosawerengeka, oyandikana ndi mlalang'amba wathu uno. Ali kutali kwambiri moti kuwala kumene mukuonaku kunanyamuka kumeneko padziko pasanakhale munthu wolima ndi khasu."

Ndinakhala pansi pa njerwa zanga zomwe. Ndiye kuti madzulo onsewo ndinkathawa mvula ya nyenyezi. Mpaka lero ana a m'dera lathu akaona timitambo timeneto amati ndi mvula ya a Namakhwa, kutchula dzina langa, ndipo ine ndimakondwa, chifukwa ndi anthu angati ku Chinsapo amene ali ndi chinthu chawochawo kumwamba? Apa pali zinthu ziwiri zoti utenge. Kusekedwa sikupha munthu, ine ndine umboni wake, ndanenepa nako. Kumene ukupitako adzaseka kalankhulidwe kako, mwina nsapato zako, mwina funso lako m'kalasi. Aleke aseke, iwe ufunsebe. Chinacho ndi khalidwe lako lomwe lija, loti sunanditsutse tsiku loyamba, unayamba wakafufuza. Limenelo usakalisiye pa chipata cha dziko, upite nalo.

Nthanda nayo inandigwetsa, ndipo inandigwetsera pamaso pa amayi ako. Ife tinakula tikudziwa kuti mwezi uli ndi akazi awiri. Nyenyezi yowala yamadzulo ija ndi mkazi wodziwa kuphika, mwezi ukakhala kwa iye umanenepa. Ya m'mawa ndi mkazi waulesi, mwezi ukapita kumeneko umaonda mpaka kutha. Nkhani imeneyi ndinkaigwiritsa ntchito ndiwo zikachepa m'mbale, ndinkati kodi ndakwatira wa m'mawa uja? Iwe utabwera ku holide chaka choyamba cha ku Zomba unatiuza kuti nyenyezi ziwirizo ndi chinthu chimodzi, ndiponso si nyenyezi, ndi pulaneti yotchedwa Venus. Unati imazungulira chobwerera m'mbuyo, mosiyana ndi dziko lathu, moti kumeneko dzuwa limatulukira kumadzulo, ndipo imazungulira mwaulesi kwambiri moti chaka chake chimatha isanamalize kutembenuka kamodzi. Nditafunsa chimene chinaitembenuza unati ena amaganiza kuti inagundidwa ndi chinthu chachikulu kalekale, ena akuti ayi, nkhaniyo sinathe. Amayi ako zonsezo sanazimve, anangotolapo chimodzi. "Mwamva?" anatero akundiloza ndi chipande. "Mkazi ndi mmodzi yemweyo. Kunenepa ndi kuonda ndi khalidwe la mwamuna." Kuyambira tsiku limenelo ndimadya mwakachetechete. Koma nkhani ya akazi a mwezi usaitaye, ukawafotokozere anzako kumeneko, adziwe kuti kwanu anthu anayamba kale kuyang'ana kumwamba ndi kufunsa mafunso. Ndipo poti tafika pa za mabanja, mnyamata amene adzakukonde adzakhale woti ukamuuza kuti pulaneti ina imazungulira chobwerera, azifunsa kuti chifukwa chiyani. Akadzangoyasamula n'kufunsa kuti chakudya chapsa, umusiye ayasamule yekha.

Pali tsiku limodzi limene ndinakulankhula mopusa, ndipo ukulidziwa. Chaka chatha unandikokera ku intaneti kafe ya m'tauni kuti ndikaone chithunzi cha pulaneti ya Saturn, yamphete ija. Tinapanikizana pampando umodzi, chithunzi chikutsika pang'onopang'ono, ine mphuno ili pagalasi. Pamutu pa pulanetiyo panali chinthu cha mbali zisanu ndi imodzi, zofanana bwinobwino.

"Iyi ndi nati," ndinatero. "Ndipatse sipanala."

"Ndi mphepo, Ababa. Mitambo ikuthamanga mozungulira pamenepo, ndipo m'kati mwakemo dziko lathu lonse likhoza kulowa n'kutsala malo."

"Mphepo imakhota makona? Kamvuluvulu wa ku Chinsapo ndi wozungulira."

"N'chifukwa chake ndakuitanani. Akatswiri sakudziwa bwinobwino chimene chikuchititsa."

Mu minibasi pobwerera ndinayamba kulongolola. Ndinati zaka zonsezi kusukulu, yankho lake n'kukhala lakuti sitikudziwa? Ndinati ine kasitomala akandifunsa chifukwa chimene chitseko chikukhulira pansi, sindinganene kuti akatswiri akufufuzabe. Anthu anaseka, iwe unangoyang'ana pawindo. Ngati mawu amenewo akadali penapake mumtima mwako ndipo akuthandizira kukubweza, uwachotse, chifukwa mwini wake anawabweza kale, ndipo unandibwezetsa ndiwe.

Patapita masiku unabwera kuno kushedi ndi chakudya changa, n'kundipeza ndikudula chitsulo ndi galainda. Unandifunsa chimene chimachitika chimbale chodulira chija chikathamanga mopitirira mphamvu yake. Ndinakuonetsa chipsera cha pamkono wangachi, ndinati chimasweka, zidutswa n'kuuluka. Ndiye unati milalang'amba nayo imazungulira ngati chimbale, ndipo akatswiri atayeza anapeza kuti nyenyezi za m'mphepete zikuthamanga kwambiri moti zinayenera kuuluka kalekale n'kumwazikana. Koma sizimwazikana. Pali chinachake chimene chazigwira, chosaoneka, chosawala, ndipo n'chochuluka kuposa nyenyezi zonse zimene timaziona. Ndinazimitsa galainda. Ndinakufunsa kuti ndiye chawotchereredwa ndi chiyani chimbale chimenecho? Unayankha kuti, "Palibe akudziwa, Ababa. N'zimene ndikufuna ndikaphunzire." Tsiku limenelo chakudya chinazizira ndikusinkhasinkha. Ndinazindikira kuti kuno kushedi palibe amene amabweretsa geti yabwinobwino. Amabweretsa yothyoka, ndipo pothyokapo ndi pamene pali ntchito yathu. Kwa inu a nyenyezi, pamene akuti sitikudziwa ndi pamene pali ntchito yanu. Ndiye anthu akuitana kuti bwera utithandize pothyoka pakumwamba, iwe ukuti iyayi, ndikhale ndiziyang'anira mkulu wina wa ku Chinsapo asapunthwe pamwala. Kwera basi, mwana wanga.

Tsopano za masozi, ndikuuze mosabisa, poti ndiwe wamkulu. Diso lamanzere lili ndi ng'ala, ndipo adokotala akuti achotsa mvula ikatha, ndi ntchito imene amaichita kawirikawiri. Lamanja ndinaliotcha ndekha ndili mnyamata, masiku amene tinkawotcherera mongotsinzina poganiza kuti chigoba ndi cha anthu amantha. Limenelo silibwerera, ndipo phunziro lake ndi lachidule, akakupatsa chodzitetezera uzivala, ngakhale anzako akuseke. Ntchito yosalala ndawasiyira a Matewere. Ine ndimayeza, kugwirizira, ndi kucheza ndi makasitomala, imene amayi ako akuti ndiyo inali ntchito yanga yeniyeni kuyambira kale. Madzulo pochokera pa siteji amadzandichingamira, timayenda atandigwira mkono, anthu n'kumati taonani chikondi cha achikulire. Zaka zonsezi sanandigwirepo mkono pamsewu, ndiye iwe ukufuna udzandilande zimenezi?

Ndikudziwa tsiku limene maganizo otsalawa anakulowa. Ndi Novembala wapitayu, pamene tinatuluka pabwalo titadya, iwe n'kunena kuti, "Ababa, mvula yanu ija yabwera." Ine ndinati eya, ndationa, n'kuloza. Unayang'ana kumene ndinalozako, kenako n'kuyang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti ndaloza polakwika. N'zoona, Tamanda, timitambo tija sindikutionanso. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Koma taganiza bwino. Ukatsala, maso angawa abwerera? Udzakhala pakhonde ukuchonga makope a ana, ukuusa moyo, ndipo ine amene maso akuchepa makutu akukula, ndizidzamva kuusa kulikonse. Chimenecho ndiye chingandidwalitse. Ine sindikusowa wondigwira dzanja, alipo kale ndipo ndi waukali. Ndikusowa munthu woti azindionera zakumwamba n'kumandiuza, ndipo m'banja muno amene angathe ndiwe wekha. Unandiuza kuti kumeneko kuli malo ouma, opanda magetsi a m'tauni, kumene anamanga makina aakulu oonera nyenyezi, ndipo timitambo tathu timakwera pamwamba kuposa kuno. Ndiye maso anga akhale ku Kawale akutani?

Ndidzakusowa, zimenezo sindikubisa. Nyumba idzakula popanda iwe, ndipo palibe amene adzanditsutse pa chakudya kupatula amene amanditsutsa kale. Mantha ndili nawonso, poti dziko ndi la eni ndipo ndiwe mwana wamkazi. Koma chimwemwe chaposa zonsezo. Kuyambira pamene uthenga wokuitana kukaphunzira unabwera, aliyense wolowa m'shedi muno, ngakhale wongofuna kuwotcherera chogwirira cha poto, satuluka asanamve za nati ya pa Saturn. A Matewere akuti makasitomala ena ayamba kudzera njira yakuseri.

Zing'onozing'ono amayi ako akuuza kale kangapo, koma nanenso ndiikepo mlomo. Pasipoti izikhala m'thumba lam'kati, osati m'chikwama chapamwamba. Juzi yobiriwira ija utenge ngakhale ukuti ndi yachikale, kumeneko akuti kumazizira mpaka m'mafupa, ndipo ntchito yanu ndi yokhala panja. Ukapeze tchalitchi ndi anthu akwathu oti uzilankhula nawo Chichewa, lilime lisaume. Uzidya, chifukwa ndimakudziwa, ukagwira buku umaiwala kuti uli ndi mimba. Ukalakwitsa uzivomera msanga n'kuseka nawo, monga amachitira bambo ako pakapita masiku atatu. Ndipo akadzakufunsa kwanu, usadzati Lilongwe n'kusiyira pomwepo. Udzati Chinsapo, kumene munthu wina anafunditsa njerwa poopa milalang'amba.

Tsopano tipangane. Mvula ikatha ndiumba njerwa zina, za chipinda chako chakumbuyo chija, ndipo denga lake likhala lakonkire, lathyathyathya, loti munthu n'kukhalapo ndi mpando. Makwerero achitsulo okwerera pamenepo tayamba kale, ndi amene ndawatsamira polemba kalatayi. Amayi ako sakudziwa, ndiye ukuona kuti m'nyumba mwathu wosunga chinsinsi ndani. Iwe ukakafika kumalo ouma aja, madzulo amene udzaone timitambo tathu tiwiri, usadzawononge mayunitsi. Udzangondifulasha kawiri. Ine ndikadzamva foni yalira kawiri n'kuduka, ndidzatuluka pabwalo, ndidzatembenukira kum'mwera, ndipo ndidzakuwa kuti mvula iyo. Amayi ako adzalalata, a Chimbalanga adzatumiza mapepala, ndipo tidzafunditsa njerwa zako kumwamba kuli mbee. Anthu akadzafunsa kuti kodi a Namakhwa mwayambanso, ndidzawauza kuti ayi, ulendo uno ndaona bwinobwino, wandionera mwana wanga.

Magetsi abwera, makina ayamba kulira, ndipo a Matewere adzuka akufuna ndiwagwirire makwerero ako. Kalatayi uipeza pamwamba pa chikwama. Ukawerenga usabwere kudzanditsutsa, ungotseka zipi. Mawa chikwamacho ndinyamula ndine mpaka kudepoti, njira yake mapazi anga amaidziwa okha. Basi ikamanyamuka ukhale pawindo ndipo ubayibitse ndithu, usaganize kuti n'kutaya nthawi. Amayi ako adzandiuza mbali yoti ndiyang'ane.

Mulungu amene anamanga nati ija akusunge popita ndi pobwera.

Ndine bambo ako okunyadira,
mwini mvula ya kum'mwera